Nsanja ya matabwa, khonde la simenti kapena zonse ziwiri: kusankha pomanga khitchini yapanja kuseri kwa nyumba

Kuphikira panja si chinthu chachilendo kwa ife. Kumudzi khitchini imamangidwa payokha kuseri kwa nyumba yogona, ndipo m'tauni, ngakhale m'nyumba yomwe muli kuka yamagetsi, mbaula imakhala pakhomo lakuseri kudikira tsiku limene magetsi adzazime nyemba zili pamoto. Chimene chasintha m'zaka zaposachedwapa n'chakuti anthu amene akumanga nyumba ku Area 49, ku Chileka kapena ku Mzuzu akufuna kuti malo ophikira panjawo akhale ooneka bwino, oti ndi alendo omwe n'kukhalapo, monga mmene amaonera pa zithunzi za pa Facebook ndi Pinterest: nsanja ya matabwa osalala yoyambira pakhomo lakuseri, imene amisiri ena amangoitchula kuti deck, ndipo chapambali pake pali malo owotchera nyama, sinki ndi kauntala yamwala.

Zambiri mwa zithunzizi zimachokera ku America, Australia ndi South Africa, kumene moto wapanja umayatsidwa Loweruka masana, nyama n'kupsa, pofika madzulo aliyense wabwerera ku khitchini yam'nyumba. Kwathu kuno moto wapanja ndi wa tsiku ndi tsiku. Pamaphikidwa nsima ya banja lonse, nyemba zobwata maola atatu, madzi osamba a ana asukulu m'mamawa, ndiponso mang'ina kapena thobwa pakhomo pakakhala mwambo. Munthu amene wangokopera chithunzi osaganizira kusiyana kumeneku amamanga malo okongola omwe wophika amawathawa pakangotha mlungu umodzi, n'kubwerera ndi mbaula yake padothi. Choncho chisankho choyamba ndi cha moto, chifukwa mtundu wa moto ndi umene umalamula choyala pansi, denga, ngakhalenso mbali ya bwalo imene khitchiniyo iyenera kukhala.

Moto wa makala, wa nkhuni ndi wa gasi

Makala ndiwo amene mabanja ambiri a m'tauni amadalira, ndipo pa kanyenya ndi chambo chowotcha palibe chowaposa. Vuto lake ndi lakuti amathetheka. Aliyense amene anakupizapo mbaula akudziwa mmene timakala tamoto timathamangira mbali zonse, ndipo pa nsanja ya matabwa kakhala kamodzi kokha kangathe kudutsa pampata wa pakati pa matabwa n'kukagwera pansi, pomwe mphepo yaunjika masamba ouma ndi mapepala, moto n'kuyamba kunyeka pamalo amene maso sakuonapo. Makala amatulutsanso mpweya wakupha wopanda fungo, kotero khitchini yamakala siyenera kutsekedwa mbali zonse zinayi, ngakhale kuzizire chotani mu Juni. Palinso nkhani ya lamulo: lamulo la zankhalango limene linakonzedwanso mu 2020 linakhwimitsa zilango kwa owotcha ndi kugulitsa makala popanda chilolezo, ndipo amene akumanga khitchini yoti idzakhale zaka 20 angachite bwino kuganizira za makala ovomerezeka, monga a ku Kawandama Hills pa Viphya, kapena makala oumbidwa kuchokera ku utuchi ndi zotsalira zakumunda.

Nkhuni n'zoyenera kwa amene ali ndi poloti yaikulu yokhala ndi mitengo yake, kapena amene amaphika miphika ikuluikulu. Chitetezo mbaula, kapenanso chitofu chomangidwa ndi njerwa ndi dothi cha mtundu wa Changu Changu Moto chimene chinafala m'boma la Nkhata Bay, chimadya nkhuni zochepa poyerekeza ndi mafuwa atatu. Koma utsi ndi mwaye sizithawika. Khitchini ya nkhuni imafuna chumuni, ndipo imafuna kutalikirana ndi mawindo a zipinda zogona ndi chingwe choyanikapo zovala. M'miyezi yachilimwe mphepo m'madera ambiri a dziko lino imawomba kuchokera kum'mwera chakum'mawa, monga amachitira mwera kunyanja ndi chiperoni ku Blantyre ndi ku Thyolo, ndiye moto ukakhala kumpoto chakumadzulo kwa malo okhalapo alendo, utsi umapita kutali ndi iwo. Ukaikidwa mbali inayo, alendo amadya akupukuta misozi.

Gasi ndiye moto wokhawo umene ndingalole kuti uyandikane ndi matabwa. Sathetheka, sadetsa denga, ndipo umayatsa ndi kuzimitsa nthawi yomweyo. Komabe gasi wophikirayu ndi wolemera kuposa mpweya umene timapuma, kutanthauza kuti akamadontha sauluka, amatsikira pansi n'kukadikha pamalo otsika. Pa chifukwa chimenechi silinda siyenera kusungidwa kunsi kwa nsanja kapena pafupi ndi dzenje la madzi oipa, ndipo kabati yake iyenera kukhala ndi mabowo m'munsi, osati m'mwamba mokha. Polumikiza paipi, thovu la sopo lopakidwa pamfundo limaonetsa ngati pakudontha; machesi si choyesera. Zovuta zina za gasi n'zakuti mphepo imapatutsa lawi ngati palibe kakhoma kotchinga, mtengo wake umene bungwe la MERA limalengeza umatsata mphamvu ya kwacha, ndipo silinda ya makilogalamu 9 kapena 14 ndi katundu amene wakuba amanyamula yekha n'kudumpha naye mpanda.

Za kuka yamagetsi panja sindichulutsa mawu, popeza chimene chimatulutsa anthu ambiri panja ndi kuzima kwa magetsi komweko.

Kuona kwanga n'kwakuti khitchini yapanja yogwiradi ntchito imakhala ndi moto wamitundu iwiri: gasi wa tiyi, mazira ndi ndiwo zofulumira, ndi malo a mbaula kapena nkhuni a nsima, nyemba ndi nyama yowotcha. Apa pali chinthu chimene mapulani ochokera kunja sachidziwa. Kauntala yodulirapo ndiwo imakhala masentimita 90 kuchokera pansi, ndipo msinkhu umenewu ndi wabwino podula tomato kapena potembenuza nyama. Koma taonani munthu akuvundula nsima ya anthu 10: dzanja lina lagwira sefuliya ndi kansalu, lina lagwira mthiko, thupi lonse lawerama pamwamba pa mphika, ndipo mphamvu ikuchokera m'mapewa kutsikira pansi. Mukaika mbaula pa kauntala ya masentimita 90, kukamwa kwa sefuliya kumafika pachifuwa, ndipo nsima yolimba siingavundulike. Malo a mphika waukulu ayenera kukhala otsika, moti pokhazika mphikapo pakhale masentimita 40 mpaka 50 kuchokera pansi. Musanavomereze pulani, muitaneni amene amaphika pakhomopo aime pamalopo ndi mphika wake, mmisiri ayeze ali pomwepo.

Matabwa: kukongola kwake ndi mtengo wake weniweni

Nsanja ya matabwa ili ndi ubwino wake woona. Siitentha kumapazi ngati simenti, madzi amvula amadutsa m'mipata osadikha, ndipo kukhala pamenepo madzulo n'kosangalatsa. Koma m'dziko la chiswe ndi mvula ya miyezi isanu, thabwa lililonse lokhala panja limakhala pa nkhondo, ndipo mtundu wa mtengo ndi umene umanena kuti nkhondoyo itenga zaka zingati.

Paini ndiye amapezeka mosavuta. Amachokera ku Chikangawa, nkhalango yobzalidwa ya mahekitala oposa 50,000 imene yawonongeka kwambiri chifukwa cha moto ndi kudula kosabwezeretsa, komanso ku mapiri a Zomba ndi Dedza. Ndi wopepuka, wosavuta kucheka ndi kukhoma, koma paini wosathiridwa mankhwala akakhala panja chiswe chimamudya mkati n'kusiya khungu lokha, thabwa likuoneka labwinobwino mpaka tsiku limene phazi lidzalowe. Mankhwala odalirika ndi amene amalowetsedwa m'thabwa ndi mphamvu ya makina mu thanki yotsekedwa, ndipo ofala kwambiri ndi CCA, omwe amasiya thabwa lobiriwira pang'ono. Muyezo wa ku South Africa, umene ogulitsa ambiri m'chigawo chino amatsata, umagawa matabwa otere m'magulu: H2 ndi a mkati mwa nyumba monga a phaso, H3 ndi a panja koma osakhudza dothi, H4 ndi okwiriridwa m'nthaka, ndipo H5 ndi a malo onyowa nthawi zonse. Matabwa opondapo ndi mitanda yake ayenera kukhala H3, nsichi zikhale H4. Kugula matabwa a H2 chifukwa ndi otchipa kuli ngati kugula ambulera ya pepala.

Kubiriwira kokha si umboni. Mlamu wanga wina ku Zomba anagula matabwa obiriwira bwino kwa wogulitsa wina wa m'mbali mwa msewu, amene analumbira kuti ndi othiridwa mankhwala. Kalipentala atacheka thabwa loyamba, mkati munali moyera ngati chinangwa chosenda. Mankhwalawo anali ongopakidwa kunja ndi bulashi. Mlamuyo anaumirira kuti ntchito ipitirire popeza ndalama zinali zitapita kale, ndipo dzinja lachitatu lisanathe mitanda iwiri ya pafupi ndi mpopi inali itafumbwa moti chala chimalowa. Njira yodzitetezera ndi yapafupi: pemphani kuti acheke thabwa limodzi pakati inu mukuona, muone ngati mtunduwo walowa mkati. Ndipo pomanga, paliponse pamene pachekedwa papakidwenso mankhwala, chifukwa chinyezi chimalowera kumapeto kwa thabwa. Oyilo wakutha wa galimoto, amene amisiri ambiri amakonda kupaka, amangokhala pamwamba, amanunkha dzuwa likatentha, amadetsa zovala ndi dothi, ndipo pafupi ndi moto ndi ngozi.

Pali chenjezo lina lokhudza khitchini mwachindunji. Mu CCA muli poizoni wotchedwa arsenic, ndipo ku America makampani analeka kugwiritsa ntchito mankhwalawa pa matabwa a pakhomo kumapeto kwa 2003. Matabwa otere sayenera kukhala podulira chakudya, ndipo zidutswa zotsala pomanga siziyenera kusonkhezeredwa pamoto ngakhale kamodzi, chifukwa utsi ndi phulusa lake n'zapoizoni. Pakhomo pomwe pali mbaula ndi mulu wa zidutswa zouma bwino, mwana wotumidwa kukoleza moto sangaganize kawiri, choncho zidutswazo zichotsedwe tsiku lomwelo.

Bulugamu ndi wolimba kuposa paini, ndipo milongoti yake yothiridwa mankhwala imakhala nsichi zabwino. Ngati matabwa opondapo, amavuta: akachekedwa asanaume amapindika ndi kung'aluka, ndipo misomali imawang'amba kumapeto ngati simunayambe mwaboola. Milongoti yakuda yonyikidwa mu phula, yofanana ndi mapolo a magetsi, imakhalitsa m'nthaka, koma fungo lake mu Okutobala silipita ndi chakudya.

Mitengo yachilengedwe ndiyo imene aliyense amailakalaka. Mlombwa chiswe sichiukonda ndipo supindika ukauma, muwanga ndi wolimba zedi, pamene mbawa ndi yokongola pa zitseko ndi mipando koma pamvula ndi dzuwa siipirira ngati iwiriyo. Tiyeni tiwerengere, komabe. Nsanja ya mamita 4 m'lifupi ndi 5 m'litali, yoyalidwa matabwa a masentimita 9 m'lifupi, imadya matabwa otalika mamita oposa 200 mukawalumikiza, osawerengera mitanda yapansi. Mlombwa wochuluka chotero ndi ndalama zambiri, ndiponso ndi mitengo ingapo imene inatenga zaka makumimakumi kuti ikule. Wogula afunse mapepala a Dipatimenti ya Zankhalango, apo ayi katunduyo angathe kuthera pa rodibuloko. Za mkungudza wa ku Mulanje, umene unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, n'zosafunika n'kukambirana komwe: mitengo yake ikuluikulu inatha paphiripo chifukwa cha kudula mozemba, ndipo wokutsatsani matabwa ake akukutsatsani mlandu.

Palinso matabwa opangidwa m'fakitale posakaniza utuchi ndi pulasitiki, monga a Trex a ku America kapena a Eva-Last a ku South Africa. Safuna kupakidwa mafuta chaka ndi chaka, sabaya ndi tizitsotso, ndipo chiswe sichiwasamala kwenikweni. Koma padzuwa la masana amatentha moti mwana sangapondepo wopanda nsapato, makamaka akuda, ndipo khala lamoto likagwerapo limasiya chibowo chosungunuka chimene sichikonzeka. Ndi katundu woitanitsa kunja, ndipo amene anayamba ntchito kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 akudziwa mmene bajeti ya zinthu zotere imasinthira usiku umodzi. Thabwa limodzi likawonongeka pakatha zaka zisanu, kupeza lofanana nalo mtundu ndi mwayi.

Kaya mwasankha mtengo uti, kamangidwe kake kali ndi mfundo zosasintha. Mitanda yapansi italikirane masentimita 40 mpaka 45. Pakati pa thabwa ndi linzake pasiyidwe mpata wa mamilimita 5, ndipo akalipentala amangolowetsapo msomali waukulu poyala kuti mpatawo ufanane. Zomangira zikhale masikuluu ndi mabawuti osachita dzimbiri, chifukwa mkuwa umene uli mu CCA umadya chitsulo wamba msanga. Kunsi kwa nsanja kukhale mpata wa masentimita 30 kapena kuposa, kuti mphepo izidutsa ndiponso kuti munthu azitha kusuzumira ndi tochi kuona ngati chiswe chayamba kumanga tinjira take tadothi pa nsichi. Pansipo pathiridwe miyala ya kwale kuti pasamere udzu, ndipo m'mbali mutchingidwe ndi waya wa sefa, apo ayi makoswe, nkhuku ndi njoka zipeza nyumba. Pomaliza, matabwa apakidwe mafuta olowa mkati kamodzi pachaka mvula isanayambe. Vanishi amawala mwezi woyamba, kenako dzuwa limamusenda ngati khungu la njoka, ndipo kumuchotsa ndi ntchito yoposa kumupaka.

Simenti, mapeva ndi njerwa

Khonde la konkire ndi njira imene amisiri athu amaidziwa bwino, ndipo pa malo athyathyathya monga ambiri a ku Lilongwe, ku Kasungu kapena ku Mchinji ndi imene ndingalangize anthu ambiri. Siliopa moto, siliopa chiswe, limanyamula chitofu cha njerwa ndi chumuni chake, ndipo limatsukidwa ndi ndowa ya madzi ndi tsache. Konkire ya masentimita 10 kuchindikala, yosakanizidwa muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga ndi inayi ya miyala, imadya matumba pafupifupi 13 a makilogalamu 50 pa malo omwe aja a mamita 4 ndi 5. Mmisiri akakuuzani kuti matumba 7 akwana, dziwani kuti khondelo lidzayamba kufumbuka ngati chigumu.

Zimene zimawononga makonde ambiri si kuchepa kwa simenti kokha. Dothi lapamwamba liyenera kuchotsedwa, pansi n'kutsenderedwa bwino ndi zidutswa za njerwa kapena miyala. Khonde lipendekere kunja pafupifupi sentimita imodzi pa mita iliyonse kuti madzi athawe khoma la nyumba. Likhale lotsika masentimita 15 poyerekeza ndi pansi pa m'nyumba kuti mvula yamkuntho isalowe pakhomo. Ndipo lidulidwe mizere pa mamita atatu alionse, kuti likafuna kung'aluka ling'alukire mumzeremo. Likathiridwa lizinyowetsedwa masiku 7, lofunditsidwa ndi masaka kapena mchenga wonyowa, ndipo mphamvu yake yonse imakwana pakatha masiku 28. Pa dothi lamakande la m'mbali mwa madambo, limene limafufuma m'dzinja n'kung'ambika m'chilimwe, waya wa konkire ndi wofunika ndithu.

Pamwamba pake pali zosankha. Simenti yofiira yosalala, yopakidwa polishi mpaka kuwala, ndi khonde limene tinakulira, koma likanyowa kapena kudonthera mafuta limaterera, ndipo munthu wonyamula mphika wa madzi owira sayenera kuyenda pamalo oterera. Pozungulira moto ndi bwino kusiya konkire yokhakhala pang'ono, yosesedwa ndi tsache isanaume. Matailosi nawo akhale okhakhala opangidwira panja; onyezimira a m'chipinda chochezera ndi msampha, ndipo akamatidwa mosiya mphako kunsi amasweka mtondo ukangogundapo.

Mapeva a simenti a masentimita 6, oyalidwa pamchenga, ali ndi ubwino umodzi waukulu: paipi ikaphulika pansi mumawazula, n'kukonza, n'kuwabwezeretsa. Amafuna mpendero wa konkire m'mbali kuti asamwazike, ndipo muyenera kuvomereza kuti m'mipata mudzamera udzu, nyerere zidzafukula mchenga, ndipo mafuta a nyama akalowa sachoka. Njerwa zowotcha zoyalidwa pansi n'zotchipa ndipo zimaoneka bwino zikadali zatsopano, koma kumadera amvula yambiri monga Mulanje ndi Nkhata Bay, komwe imagwa pafupifupi kuwirikiza kawiri ya ku Lilongwe, zimachita ndere n'kumaterera, ndipo zosapsa bwino zimanyenyeka. Kuyambira mu 2018 boma linaletsa njerwa zowotcha pa zomangamanga za boma, za mabungwe ndi zamalonda pofuna kuteteza mitengo, ndipo mabuloko a simenti tsopano akupezeka m'matauni onse.

Malo otsetsereka

Pali malo amene nsanja imapambana konkire mosakayikitsa. Ku Blantyre, m'madera ngati Chilomoni, Nyambadwe ndi Soche, komanso m'munsi mwa phiri la Zomba, poloti zambiri zimatsika kwambiri moti mukatuluka pakhomo lakuseri n'kuyenda mamita anayi, nthaka yatsika kale mita yathunthu kapena kuposa. Kuti muthire khonde pamalo otere muyenera kumanga khoma lochirikiza dothi, kuthira malole a dothi n'kulitsendera, ndipo khoma limenelo likapanda mabowo otulutsa madzi limasunga madzi kumbuyo kwake mpaka kugwa. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anaonetsa anthu a ku Blantyre zimene madzi amachita pamtsetse. Nsanja yoimikidwa pa nsichi imasiya nthaka mmene ilili, madzi n'kumadutsa pansi.

Nsichizo zingakhale za njerwa, za chitsulo kapena za bulugamu. Za njerwa kapena mabuloko, zomangidwa pa maziko a konkire, n'zimene zimakhalitsa, ndipo tinjira ta chiswe timaonekera msanga pa pulasitala. Za chitsulo zimapangidwa mofulumira ndi owotcherera a m'tauni, koma paipi yopyapyala imadyeka ndi dzimbiri kuyambira mkati, choncho kukamwa kwake kutsekedwe ndipo tsinde lake likhale pamwamba pa konkire yotumphuka, osati m'dothi. Nsanja iime payokha m'malo mokolekedwa kukhoma la nyumba, makamaka ngati khomalo linamangidwa ndi matope, chifukwa mabawuti sagwira m'njerwa zofewa. Ikatalika kufika mita imodzi kuchokera pansi imafuna chotchinga cha mita imodzi m'mbali, chokhala ndi mipata yosapitirira masentimita 10 kuti mutu wa mwana usalowe.

Ngakhale pamtsetse, chitofu cha njerwa chisamangidwe pamwamba pa matabwa. Malo owotchera nyama okhala ndi chumuni ndi kauntala ya konkire amalemera kuposa tani imodzi, ndipo matabwa amafufuma ndi kunyala malinga ndi nyengo, zimene zimang'amba njerwa zokhala pamwamba pake. Njira yophatikiza ndiyo imathetsa mkanganowu: khitchini imangidwe pa konkire, kumtunda komwe nthaka ili pafupi, ndipo konkireyo ipitirire mita imodzi ndi theka kutsogolo kwa moto, matabwa ayambire pamenepo kupita kumunsi, komwe kuli mipando ndi tebulo. Mukatero nsanja imachepa, mtengo wa matabwa umatsika, ndipo wokupiza mbaula sakhala ndi nkhawa.

Denga, kauntala ndi madzi

Denga la udzu ndi lozizira ndipo pa malo okhalapo alendo palibe lolipambana, malinga likhale lotsetsereka madigiri 45 kuti madzi asalowe. Pamwamba pa moto wa makala kapena nkhuni, udzu ndi tsoka lodikira tsiku lake. Malata ndiwo oyenera pamenepo, koma akwezedwe mamita pafupifupi atatu kuti kutentha ndi utsi zipeze potulukira, ndipo chumuni chipitirire nsonga ya denga ndi masentimita 60 kapena kuposa. Denga lopanda makoma mphepo imalinyamula kuchokera pansi, choncho mitanda yake imangidwe ku nsichi ndi mabawuti, osati misomali yokha. Malata oonekera kuwala amasandutsa khonde kukhala uvuni mu Okutobala. Amene sakufuna kuwononga zambiri angayalitse magalagadeya pa mitanda pamwamba pa mipando, apeze mthunzi ndi zipatso zomwe.

Mkati mwa malo oyakira moto musamangidwe ndi simenti wamba, chifukwa kutentha kumamuphwanya. Njerwa zopsa bwino zomangidwa ndi dothi la pachulu zimapirira, monga amadziwira omanga mauvuni a masikono. Miyala ya mumtsinje isayandikire moto, popeza madzi obisika mkati mwake amaiphulitsa. Pa kauntala, konkire yothiridwa pamalo pomwepo, ya masentimita 6 kapena 7 yokhala ndi waya mkati, ndi yotchipa ndiponso yopirira. Mwala wa granite ndi wokongola ndi wosavuta kupukuta, koma wakuda umatentha padzuwa ndipo ungang'aluke mukakhazikapo mphika wochoka pamakala. Matailosi amasunga mafuta m'mizere yake. Zitseko za makabati zikhale zachitsulo zokhala ndi loko. Matabwa oumbidwa ndi utuchi a makabati a m'nyumba amafufuma dzinja limodzi.

Sinki yapanja ndi imene imachititsa kuti khitchiniyo igwiritsidwe ntchito, chifukwa nsomba ndi zam'kati mwa mbuzi zimatsukidwira komweko m'malo monunkhitsa m'nyumba. Koma madzi ake ayenera kukhala ndi kopita. Kuwatayira pabwalo n'kuweta udzudzu pamalo pomwe banja limakhala madzulo, nthawi imene udzudzu wa malungo umayamba kuluma. Paipi idutse m'kabokosi kotsekereza mafuta, kenako ikathere ku paipi ya nyumba kapena m'dzenje la miyala lovundikiridwa, lotalikirana ndi maziko mamita asanu ndiponso lakutali ndi chitsime. Mawaya a magetsi a nyale ndi soketi aikidwe ndi wamagetsi wovomerezeka, m'mapaipi, ndi masoketi okhala ndi zivindikiro. Chingwe chodutsa pawindo n'kumakwawa pakhonde lonyowa chavulaza anthu ambiri. Mapaipi onsewa, a madzi ndi a magetsi, aikidwe konkire isanathiridwe.

Lendi, khonsolo ndi nyengo yomangira

Wokhala m'nyumba ya lendi asathire konkire kapena kumanga njerwa popanda kalata ya mwini nyumba yonena amene adzalipire ndi zimene zidzachitike posamuka, chifukwa chomangidwa panthaka chimatsalira mwini nthakayo. Kwa iye njira yabwino ndi mapeva oyalidwa pamchenga, tebulo lachitsulo lopangidwa kwa owotcherera lokhala ndi malo a mbaula ndi a silinda, ndi timagawo ta matabwa toti anthu awiri n'kunyamula kukweza pa lole. Kwa mwini nyumba m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba, chomanga chokhala ndi denga ndi maziko chimafuna kuti pulani yake ivomerezedwe ndi khonsolo, ndipo nkhani imakula ngati chayandikira malire a poloti kapena chakhala pamwamba pa paipi ya zimbudzi. Kucheza ndi oyandikana nawo nyumba za komwe utsi uzipita n'kwaulere.

Nthawi yabwino yothira konkire ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mvula itatha koma kusanatenthe, pamene konkire imauma pang'onopang'ono ndipo matabwa ogulidwa amakhala ndi mpata wouma pamthunzi milungu ingapo asanakhomedwe. Yothiridwa mu Okutobala imafuna kunyowetsedwa katatu patsiku, ndipo yothiridwa mu Januwale mvula imaikokolola isanagwire. Amene wangolowa kumene m'nyumba yatsopano adikire dzinja limodzi asanakumbe chilichonse. Mvula yamphamvu ikamagwa atuluke ndi ambulera, aone kumene madzi a padenga akugwera, njira imene akudutsa ndi pamene akudikha, akhome zikhomo m'malo amenewo, ndipo zikhomozo adzamusonyeze mmisiri mu Meyi asanatambasule chingwe chake.